Galu ndi mphaka wa pageni: njoka zam'mimba zisakudyereni mpamba

Pageni zambiri za kuno ku Chikamveka, ngakhalenso ku Mpondabwino, Chinamwali, Sadzi ndi mumsika waukulu wa Zomba, pali antchito awiri omwe salembedwa m'buku la malipiro. Woyamba ndi galu amene amagona pakhomo pa okala usiku kuti akuba asathyole loko. Wachiwiri ndi mphaka amene amayang'anira matumba a mpunga, chimanga ndi matemba kuti makoswe asaboole. Mlonda amafuna malipiro pakutha pa mwezi, mankhwala a makoswe amatha n'kufuna kugulanso, koma awiriwa amakhutira ndi mkute komanso mitu ya nsomba. N'chifukwa chake ambiri timawasunga.

Chomwe sitiwerengera ndi chimene antchitowa amasiya pansi. Agalu ndi amphaka ambiri ali ndi njoka zam'mimba, ndipo mazira a njokazo amatuluka m'chimbudzi chawo n'kusakanikirana ndi dothi. Dothilo ndi lomwe timayalapo chiguduli cha tomato, lomwe mwana amakwawapo mayi ake akamawerenga chenje, lomwenso timapondapo opanda nsapato posesa m'mawa. Zina mwa njokazi zimalowa mwa munthu. Kwa wamalonda, matenda otere amadya pawiri: amadya thanzi la pabanja, amadyanso mpamba.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Mu 2016 akatswiri a za ziweto ochokera ku Sweden, mothandizana ndi anzawo a ku Lilongwe, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa agalu 100 a mumzinda wa Lilongwe, onse okhala ndi eni ake. Mwa agaluwo anayeza chimbudzi cha agalu 40. Mwa agalu 32, kutanthauza 80 pa 100 aliwonse, anapezamo mazira a njoka zoyamwa magazi zotchedwa Ancylostoma. Mwa atatu anapezamo mazira a njoka zazitali zotchedwa Toxocara. Pafupifupi agalu onse omwe anabwera kudzalandira katemera pa kampeni anali ndi nthata.

Awa sanali agalu osowa mbuye. Anali agalu a pakhomo ngati athuwa. Agalu a ku Zomba amakhala moyo womwewo, ndipo kuno kumunsi kwa phiri mvula imagwa yambiri. Mazira ndi tiana ta njokazi timakonda dothi lonyowa, lofunda, la pamthunzi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, pansi pa mitengo ya mango ndi kuseri kwa mabenchi ndi malo otero ndithu.

Galu wodwala njoka mungamuzindikire: kamwana kagalu kotupa mimba koma nthiti zili pamtunda, ubweya wonyankhalala, nkhama zotuwa, chimbudzi chakuda kapena cha magazi. Nthawi zina amasanza njoka zoyera zonga supageti, kapena pansi pa mchira pamaoneka tinthu toyera tonga mpunga. Koma galu wonenepa, wa ubweya wosalala, akhozanso kukhala nazo n'kumamwaza mazira tsiku ndi tsiku popanda chizindikiro chilichonse.

Ogulitsa masamba ndi zipatso

Njoka yaikazi imodzi ya Toxocara imatha kuikira mazira okwana 200,000 patsiku. Mazirawa saoneka ndi maso. Ali ndi chikamba cholimba komanso chomata, moti amakanirira pamasamba, pazala ndi paubweya wa galu. Akagwa pansi amatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti akhwime, ndipo akakhwima amakhala amoyo m'dothi kwa miyezi yambiri, ngakhale zaka.

Munthu akameza dziralo, limaswa m'matumbo, ndipo kanyongolotsi kake kamayamba kuyenda m'thupi. Mwa munthu sikakula kukhala njoka, koma kamatha kufika kuchiwindi, kumapapo, nthawi zina m'diso. Ambiri samva kanthu. Ena, makamaka ana aang'ono, amatentha thupi, kutsokomola, kubanika ngati a mphumu ndi kumva m'mimba kupweteka. Kakalowa m'diso, diso limodzilo limatha kusiya kuona mpaka kalekale.

Apa ndi pomwe ogulitsa zinthu zodya zosaphika ayenera kutchera khutu. Masitiroberi ndi mabulosi omwe amagulitsidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe amadyedwa momwemo, alendo ena amayamba kudya asanalowe n'komwe m'galimoto. Letesi, kabichi wa saladi pachiwaya, karoti, tomato, mango otola pansi ndi magwafa, zonsezi sizidutsa pamoto. Masitiroberi amabereka atatsamira dothi, choncho galu akamalowa m'dimba, chipatsocho chimachoka kumunda chili ndi vuto kale.

Ambiri timadalira klorini kapena WaterGuard, ndipo n'zoona kuti amapha tizilombo ta kolera m'madzi. Koma mazira a Toxocara saphedwa ndi klorini. Chomwe chimathandiza ndi kutsuka popukusa ndi zala m'madzi oyera othiridwa kuchokera pamwamba, kuti dothi lichoke n'kupita. Beseni limodzi lotsukiramo katundu yense kuyambira m'mawa mpaka madzulo limangosamutsa dothi kuchoka pa mulu wina kupita pa wina. Madzi owaza masamba kuti asafote asakhale a m'ngalande kapena otunga mu Likangala, chifukwa mvula imakokolera zonse za kumtunda m'menemo.

Katundu akwere pamwamba. Benchi kapena thandala lofika m'chiuno limateteza ku madontho a matope mvula ikamagwa, komanso ku galu wodutsa. Ngati mulibe benchi, makreti awiri ndi thabwa n'zokwanira. Chiguduli choyala pansi chizikhala ndi mbali yake yapansi yodziwika, osati lero uku mawa uku. Ndowe za galu kapena mphaka si manyowa. Musaziphatikize ndi za mbuzi kapena nkhuku popita nazo kudimba.

Palinso geni ya dothi lomwe amayi ena oyembekezera amakonda kudya. Achipatala salimbikitsa kudya dothi, chifukwa chilakolakocho nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo mayi wotero ayenera kukanena kusikelo. Dothi lokumbidwa kapena kuyanikidwa pamalo pofika agalu ndi amphaka ndi njira yachidule yomezera mazirawa.

Ogulitsa mchenga, oumba njerwa ndi oyenda opanda nsapato

Njoka zoyamwa magazi zija, zomwe zinapezeka mwa agalu ambiri ku Lilongwe, sizidikira kuti muzimeze. Mazira ake amaswa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pakatha masiku 5 mpaka 10 tiana take timakhala tokonzeka kuboola khungu. Timadikirira mumchenga kapena m'dothi lonyowa. Mukapondapo opanda nsapato, mukagwadapo, kapena mwana akakhalapo wopanda kabudula, kanyongolotsi kamalowa.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchidziwa: kamzere kofiira, kotukuka, kokhotakhota ngati njira ya njoka pamchenga, komwe kamasuntha pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kamapezeka kuphazi, pakati pa zala, m'manja kapena m'matako mwa mwana. Kamayabwa kwambiri moti munthu sagona, ndipo akakanda pamabuka chilonda. Si chipere, si matekenya, ndipo kuboola ndi singano kapena kuthira mafuta a batire kumangowonjezera bala. Kuchipatala amapereka mapiritsi monga albendazole, ndipo vutolo limatha.

Mulu wa mchenga wodikira kasitomala ndi chimbudzi chomwe mphaka aliyense wa m'dera amachikonda, chifukwa amakumba mosavuta n'kukwirira. Ana nawo amaukonda mulu womwewo. Ngati mumagulitsa mchenga pakhomo, uvindikireni ndi pepala lapulasitiki kapena malata akale usiku. Anyamata opakira ndi oponda dothi la njerwa avale majombo. Mayi wosesa pamalo a geni m'mawa avale ngakhale patapata.

Mabutchala ndi a kanyenya

Pamalo pophera mbuzi agalu sasowa. Wosenda akapeza chiwindi kapena mapapo okhala ndi kathumba ka madzi, amadula mbali yoipayo n'kuponyera galu. Zimaoneka ngati kusamala, poti kasitomala sanagulitsidwe nyama yoipa. Koma pamenepo ndi pomwe matenda amayambiranso ulendo wake.

Tina mwa timatumba ta madzi timeneti ndi tiana ta njoka yotchedwa Echinococcus. Galu akadya kathumbako kosaphika, m'matumbo mwake mumakula tinjoka tambirimbiri tosakwana sentimita imodzi, ndipo iye sadwala. Mazira ake amatuluka m'chimbudzi n'kugwera pamsipu. Mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe ikadya udzuwo, nayo imamera matumba. Munthu satenga matendawa podya chiwindicho. Amawatenga pomeza mazira ochokera kwa galu, kudzera m'manja, m'masamba kapena m'madzi. Mwa munthu chithumbacho chimakula mwakachetechete kwa zaka, kawirikawiri m'chiwindi kapena m'mapapo, ndipo nthawi zambiri chimafuna opaleshoni. Dera la Turkana ku Kenya, komwe abusa amakhala moyandikana kwambiri ndi agalu awo, limadziwika padziko lonse chifukwa cha matendawa.

Pali njoka zinanso za mtundu wa Taenia zomwe zimayenda njira yomweyo pakati pa galu ndi mbuzi. Ina imachititsa timatumba tolendewera pamafuta a m'mimba mwa mbuzi. Ina imamera mu ubongo, mbuzi n'kumayenda mozungulirazungulira, kuonda, kenako kufa. Galu amaitenga akapatsidwa mutu wosaphika wa mbuzi yotero. Wopikula mbuzi amene amaponyera agalu zotsala akudzikonzera yekha mbuzi zodwala za chaka chamawa, ndipo chiwindi chomwe woyeza nyama wachikana ndi ndalama yotayika.

Lamulo lake ndi limodzi: galu asadye zam'kati zosaphika. Chiwalo chokhala ndi matumba chitenthedwe kapena chikwiriridwe m'dzenje lakuya lomwe galu sangafukule. Zotsala zabwinobwino zomwe mukufuna kupatsa galu ziwiritseni kwa mphindi 30. Pamalo pophera pakhale mpanda, ngakhale wa nsungwi.

Mphaka wa m'sitolo ndi mayi woyembekezera

Amene amasunga mpunga wa ku Domasi ndi Likangala, kapena matemba ndi milamba ya ku Kachulu, amadziwa kufunika kwa mphaka. Koma mphaka wodya makoswe ndi mbalame amatenga kachilombo kotchedwa Toxoplasma. Akangokatenga kumene, amatulutsa timazira take miyandamiyanda m'chimbudzi kwa sabata imodzi mpaka itatu. Timazirato timayamba kupatsira pakapita tsiku limodzi mpaka asanu.

Anthu ambiri athanzi akatenga kachilomboka samva kanthu. Oopsezedwa ndi magulu awiri. Mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera, akhoza kupita padera, kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. Munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri, monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, kachilomboka kamatha kumugwira ubongo. Bactrim yemwe amaperekedwa pamodzi ndi ma ARV amathandiza kuteteza ku matendawa, ndiye chifukwa china chosadumphitsira mankhwala.

Sitikunena kuti muthamangitse mphaka. Mukatero makoswe adzakuonetsani. Mukonzereni malo ake a mchenga kapena phulusa kunja kwa sitolo, kutali ndi matumba, ndipo muzichotsa tsiku lililonse timazira tisanakhwime. Ntchito imeneyi asagwire mayi woyembekezera. Matumba akhale pamapaleti kapena pamitengo, omangidwa kukamwa. Mpunga, ufa kapena nsomba zoyanika pamkeka zisasiyidwe popanda woyang'anira. Kachilombo komweka kamapezekanso munyama yosapsa, choncho kanyenya wofiira m'kati si wopatsa kasitomala, makamaka mayi wapakati.

Kagulidwe ka mankhwala

Ana agalu ambiri amabadwa ali kale ndi Toxocara, chifukwa amaitenga ali m'mimba mwa make, ndipo njoka zina amaziyamwira kubere. N'chifukwa chake kamwana kagalu kosewera ndi ana ndiko koopsa kuposa galu wamkulu. Madokotala a ziweto amalangiza kupereka mankhwala a njoka kali ndi milungu 2, 4, 6 ndi 8, kenako mwezi uliwonse mpaka katakwana miyezi 6. Make woyamwitsa alandire nawo. Ana amphaka amayamba ali ndi milungu itatu. Galu kapena mphaka wamkulu alandire kosachepera kanayi pachaka, ndiye kuti miyezi itatu iliyonse, ndipo woyendayenda kapena wokhala pafupi ndi butchala angafunike pafupipafupi kuposa apo.

Pogula, werengani zomwe zalembedwa papaketi, musangoti "ndipatseni a njoka". Piperazine amapha njoka zazitali zokha. Pyrantel ndi fenbendazole amapha zazitali ndi zoyamwa magazi. Njoka zaphanthiphanthi, monga ya matumba a madzi ija ndi ya tinthu tonga mpunga, zimafuna praziquantel. Piritsi labwino kwa galu wa pageni ndi lomwe laphatikiza praziquantel ndi ena aja. Jakisoni wa ivermectin yemwe ambiri amamudalira sapha njoka zaphanthiphanthi, ndipo akachuluka amatha kupha kamwana kagalu.

Mlingo umatsata kulemera kwa chiweto, ndipo apa amalonda tili ndi mwayi poti sikelo tili nayo. Kagalu kakang'ono kaikeni m'thumba, mukakoleke pasikelo yopachika, kenako mutsuke ngowe yake ndi sopo. Wamkulu munyamuleni, mukwere naye pasikelo yoponda, muchotsere kulemera kwanu. Kugawa piritsi limodzi kwa agalu atatu n'kutaya ndalama, chifukwa palibe amene achire.

Gulani m'shopu yovomerezeka ya mankhwala a ziweto kapena kudzera kwa alangizi a ziweto a boma. Onani tsiku lothera mphamvu. Mapiritsi omasula, okhala padzuwa, opanda dzina, asiyeni. Mankhwala a ziweto musapatse mwana, ndipo a anthu musapatse chiweto mwachisawawa: Panado amapha mphaka. Mankhwala ena ophera nthata za agalu, makamaka okhala ndi permethrin, amaphanso mphaka. Nthatazo musazilekerere, chifukwa njoka ya tinthu tonga mpunga imafala galu, mphaka, ngakhale mwana wokwawa akameza nthata.

Mukapereka mankhwala, mumangireni galuyo masiku awiri kapena atatu kuti chimbudzi chonse chotuluka muchitole. Lembani tsikulo m'buku lomwe mumalembamo angongole, kuti miyezi itatu ikakwana musaiwale. Ngati mukugula kagalu kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, kapatseni mankhwala sabata yomweyo kasanayambe kugona ndi ana.

Dziwaninso kuti katemera wa chiwewe, yemwe aboma ndi bungwe la Mission Rabies akhala akupereka m'boma la Zomba, sapha njoka zam'mimba. Chiwewe ndi nkhani ina, yoopsa kwambiri, ndipo galu aliyense azibayidwa chaka ndi chaka. Koma tsiku la katemeralo ndi mpata wabwino wofunsa alangizi za mankhwala a njoka. Chimodzimodzinso mapiritsi a njoka ndi likodzo omwe ana amalandira kusukulu: amathandiza mwanayo, koma sachotsa mazira omwe ali pabwalo panu.

Fosholo ndi sopo

Chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi fosholo. Poti mazira a Toxocara amafuna milungu kuti akhwime, a njoka zoyamwa magazi masiku angapo, a Toxoplasma tsiku limodzi kapena kuposa, chimbudzi chotoledwa m'mawa uliwonse chimachoka chisanakhale choopsa. Chitayeni m'chimbudzi chokumba kapena m'dzenje lakuya. Kusesa ndi tsache n'kukankhira kuseri kwa benchi kapena m'ngalande n'kungomwaza. Musagwire ndi manja, chifukwa mazira a njoka ya matumba a madzi amapatsira pomwe angotuluka.

Mukatha, sambani m'manja ndi sopo musanakhudze katundu. Chigubu cha mpondagiya ndi kasopo pambali pa benchi zimaonetsanso kasitomala kuti pano ndi paukhondo. Mwana wobwera naye kumsika akhale pamkeka kapena pakatoni yoyera, zikhadabo zikhale zowenga, ndipo asambe asanadye. Galu asanyambite mbale zogulitsiramo chakudya, akhale ndi yake.

Mwana akamatsokomola kapena kubanika kosatha, akamatentha thupi koma malungo osapezeka, mukawauze achipatala kuti pakhomo pali ana agalu kapena kuti mwanayo amadya dothi. Zimawathandiza kudziwa poyambira. Mukaona diso limodzi layera pakati, layamba kuyang'ana kumbali, kapena mwana akudandaula kuti sakuona bwino, musadikire tsiku lopanda msika. Pitani kuchipatala chapafupi, monga cha Matawale, ndipo ngati kuli kofunika akutumizani ku Zomba Central.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti benchi lanu limakupatsani phindu la K8,000 patsiku. Mwana akadwala, n'kukhala masiku atatu mukuyendera chipatala, K24,000 yapita. Onjezerani kabaza, chakudya cha panjira, ndi tomato yemwe waola poti panalibe wogulitsa. Onjezeraninso kasitomala wa tsiku ndi tsiku yemwe wapeza benchi lotseka n'kuzolowera kwa mnzanu. Tsopano kafunseni mtengo wa mapiritsi a galu wanu, muchulukitse kanayi, muyerekeze ziwirizo.

Pali chinanso chosawerengeka ndi kakyuleta. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatiphunzitsa kuti nkhani ya ukhondo ikavuta, makhonsolo amayambira kuletsa malonda a zakudya zophikaphika, ndipo woyamba kulira ndi venda. Malo odyera alendo ndi masukulu ogonera konko omwe amaoda masamba ndi nyama amayang'ananso pomwe katundu akuchokera. Wogula akaona galu akununkhiza mulu wa kabichi sakangana nanu, amangopita osabwereranso.

Galu wa mnzanu sadziwa malire a benchi lanu, choncho khama la munthu mmodzi silikwanira. Mutu umodzi susenza denga. Komiti ya msika ikhoza kugwirizana tsiku limodzi pa miyezi itatu iliyonse loti agalu ndi amphaka onse ozungulira msika alandire mankhwala, n'kuitana mlangizi wa ziweto kuti adzayeze mlingo. Kugula paketi yathunthu pagulu kumatsitsa mtengo kusiyana ndi kugula limodzilimodzi, monga momwe zimakhalira popikula katundu wina aliyense. Magulu a banki m'khonde akhoza kuikapo kathumba kapadera. Komiti yomweyo ikhoza kupempha khonsolo ya mzinda wa Zomba kuti zinyalala za kumalo ophera ziweto ndi kogulitsira nsomba zizichotsedwa msanga, chifukwa ndizo zimaitana agalu osowa mbuye.

Mvula yoyamba isanagwe, yenderani malo anu a geni ndi maso atsopano. Onani pomwe galu amadzithandizira, pomwe mphaka amakumba, komwe madzi amalowera akachoka pamenepo, ndi pomwe mwana wanu amakhala. Ngati njira ya madziwo ikudutsa pansi pa katundu, sunthani benchi kapena kumbani kangalande sabata ino, ndipo mapiritsi a galu ndi mphaka muwaike pamndandanda wa zokaoda ulendo ukubwerawu.